Apailoti a ku Bembeke ndi ndege za Wenela

Ku Dedza kulibe bwalo la ndege loti munthu n'kukagulapo tikiti. Ife zathu ndi mapiri, nkhungu, mitengo ya paini ndi mbatata ya kachewere. Komabe munthu wodziwa za ndege kuposa wina aliyense amene ndidakumanapo naye adali mlimi wa kachewere wa ku Bembeke, wolekeza sukulu Sitandade 4. Ndikunena agogo anga aamuna, bambo awo a mayi. Pamudzi ankawatcha Apailoti, ena mwaulemu, ambiri mowaseka.

Pamwamba pa nkhokwe yawo padali ndege ya nsungwi ndi zitini za mafuta ophikira, yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, ya mapulopela anayi. Mwera ukayamba mu Juni mapulopelawo ankazungulira usiku wonse, mpaka alendo ankadzuka m'mawa ali ndi maso ofiira. M'nyumba mudali zina zolendewera ndi luzi kudenga: za mapesi, za mawaya, ina ya zidutswa za matabwa a paini zotola kwa ocheka. Ife ana tinkapanga magalimoto a mawaya, koma ukangoyerekeza kupanga ndege ankabwera kudzayendera ngati mlangizi wa zaulimi. "Iwe mdzukulu, ichi n'chiyani? Dakota mainjini ake ndi awiri, kagudumu kachitatu kali kumchira. Ya mainjini anayi ndi Skymaster, kagudumu kake kali kumphuno. Phwasula, uyambirenso."

Ndege zochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre zimadutsa chakwathu kuno. Agogo akamva kulira kwake ankaika khasu pansi, n'kuphimba maso ndi dzanja, kenaka n'kuyang'ana wotchi yawo ya ku Joni. Madzulo ankalemba m'kope: tsiku, nthawi, kumene ikulowera, ndi mtundu wake malinga ndi m'mene makutu awauzira, pakuti masiku ambiri nkhungu sinkawalola kuiona. Agogo aakazi ankangoti, "Inu abambo, mizere ikudikira. Ndegeyo ikuponyerani feteleza?" Akakolola bwino ankakwera basi mpaka ku Lumbadzi, n'kukakhala tsiku lonse pa bwalo la Kamuzu osadikira mlendo aliyense, osaperekeza aliyense, madzulo n'kubwerera ali wokhuta ngati achokera kuphwando.

Atamwalira mu 2022, makopewo adagwera ine, poti ndine amene ndimadya za kulemba. Patsamba loyamba la kope lililonse, pamene ana a sukulu amalemba dzina ndi kalasi, iwo adalembapo manambala omwewomwewo: 4-4-74. Manambala amenewa ndiwo andikhazika pansi lero.

Tiyeni tiyambe ndi mbiri ya ndege ya dziko lino m'mene imakambidwira kawirikawiri. Mu 1931 munthu wina wa bizinesi ku Blantyre, Christowitz, adayamba kuulutsa kandege ka Puss Moth pakati pa Blantyre ndi Beira. Mu 1933 kudabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo mu 1946 kudabwera Central African Airways. Kuyambira mu 1949 mpaka mu 1950 ndege zotera pamadzi za BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Pa 6 Julaye 1958 Dr Kamuzu Banda adatera pa Chileka. Mu 1964 kudabadwa Air Malawi, poyamba ngati mwana wa Central African Airways, ndipo mu 1967 idaima payokha. Mu 1983 bwalo la Kamuzu lidatsegulidwa ku Lumbadzi. Zonsezi n'zoona, sindikutsutsa. Koma taonani amene akhala pamipando m'mbiri imeneyi: mabwana a thenga, eni minda ya tiyi, alendo oona nyanja, nduna ndi Ngwazi. Munthu wa ku Bembeke mulibemo, kupatula ngati wonyamula masutikesi.

Chonsecho, Amalawi oyamba kukwera ndege mwaunyinji sadali ophunzira kapena olemera ayi. Adali anyamata a kumudzi, a ku Dedza, Ntcheu, Dowa, Mzimba ndi maboma ena, ambiri osadziwa kulemba dzina lawo, ena opanda ngakhale nsapato. Adawakweza ndi Wenela.

Achinyamata a lero akamva Wenela amangoganiza za depoti ya mabasi ku Blantyre. Dzinali lidachokera ku zilembo WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene eni migodi ya golide ku South Africa adakhazikitsa kuti liziwasakira antchito. Mu 1913 boma la kumeneko lidaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto kuno chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, koma m'zaka za m'ma 1930 chiletsocho chidachotsedwa. Makolo athu a nthawi imeneyo ankapita ku Halale ndi ku Joni wapansi, pa malole ndi pa sitima. A ku Dedza ankangowoloka malire ali pakhomo pathu pomwepa, kudutsa ku Angonia mpaka ku Tete, n'kukawoloka Zambezi. Ulendo wa masabata, ndipo ena sankafika, ena sankabwerera, n'kusanduka matchona.

Mu 1952 Wenela idayamba kugwiritsa ntchito ndege zakezake. Likulu la ndegezo lidali ku Francistown, m'dziko la Botswana, lomwe panthawiyo linkatchedwa Bechuanaland. Adasankha pamenepo chifukwa njanji yochokera ku Bulawayo kupita ku South Africa imadutsa pomwepo. Ndege inkatola anthu kuno, kukawatula ku Francistown, ndipo sitima inkamaliza ulendo mpaka ku Johannesburg. Ndege zake zidali Dakota, yomwe dzina lake lina ndi DC-3, ndi Skymaster kapena kuti DC-4, zonse za kampani ya Douglas ya ku America, mitundu yomwe idatchuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ponyamula asilikali ndi katundu.

Agogo adakwera koyamba ali mnyamata wosakwatira, pa bwalo lakale la ku Lilongwe. Nkhani imeneyi ndidaimva kosawerengeka, koma sinkasintha. Adawakweza pa sikelo, dokotala adawamvetsera m'chifuwa, adadinda chala pa kontirakiti. M'ndegemo adathinana ngati matumba a kachewere pa lole. Mainjini atalira, wina adayamba kuitana amake, wina kupemphera Chikatolika, wina Chisilamu, ambiri kusanza. Iwo adapezeka pafupi ndi windo. Ankati, "Mdzukulu wanga, ndidaona mtambo uli pansi panga. Ine wa ku Bembeke, amene nkhungu yandivutitsa moyo wanga wonse, tsiku limenelo ndidaiona kumsana." Patangopita masiku owerengeka munthu yemweyo adali pansi pa nthaka, kuya kopitirira kilomita, akukankha ngolo za miyala mu mdima ndi kutentha. Sindidziwa ulendo wina wotere: kumwamba kwenikweni ndi pansi penipeni m'sabata imodzi. Ndikuganiza kuti chikondi chawo pa ndege chidabadwira pamenepo. Pa zaka zonse za kumgodi, maola ochepa a mumlengalenga ndiwo okha amene ankawakamba akumwetulira.

Tisanamizane, ndegezo sizidabwere chifukwa chokonda munthu wakuda. Eni migodi ankafuna kuti wantchito afike msanga, asadwale panjira, asathawire m'mapulazi a ku Rhodesia. Boma lathu nalo linkapindula: gawo la malipiro a wantchito linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, ndipo zimenezi zinkabweretsa ndalama zakunja. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Njinga za Humber, magumbagumba, mabulangete ndi malata amene adasintha maonekedwe a midzi ya ku Dedza, zambiri zidachokera kumeneko. Chifuwa chosatha chija, chimene chidatha amuna ambiri a msinkhu wa agogo, chidachokeranso komweko.

Tsono tifike pa manambala aja. Pa 4 Epulo 1974 Skymaster ya Wenela idanyamuka pa Francistown kulowera ku Blantyre, itanyamula anthu 84. Adali amuna oti amaliza kontirakiti, akubwerera kwawo ndi masutikesi odzaza nsalu za akazi awo. Itangonyamuka mainjini adayamba kuvuta. Woyendetsa adayesa kubwerera pabwalo koma sadafike: idagwa n'kuyaka moto. Anthu 78 adafa, ndipo oposa 70 mwa iwo adali Amalawi. Chidadziwika pambuyo pake n'chakuti petulo wa ndegeyo adali wosakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti. Kwa inu amene simudziwa kusiyana kwake, mainjini a Skymaster ndi a mapistoni ngati a galimoto, amamwa petulo wapadera, pamene mafuta a jeti ndi achibale ake a palafini. Mukathira palafini mu injini ya petulo imatentha mopitirira, n'kutha mphamvu. Agogo ankafotokoza zimenezi ndi ukali ngati kuti zachitika dzulo: "Sidali ndege yolakwa ija. Adaimwetsa chosamwa."

Iwo panthawiyo adali ku komboni ya mgodi, pa kontirakiti yawo yomaliza. Masiku ochepa m'mbuyomo adali atatsazikana ndi mnzawo wa ku Ntcheu amene ankagona naye chipinda chimodzi, ndipo adamupatsira kalata ndi kandalama koti akatule ku Bembeke. Kalatayo sidafike. Kaya mnzawoyo adali m'ndege imeneyo, kaya adakwera ina n'kungodya ndalamayo, agogo adamwalira osadziwa. Ankati amapemphera kuti akhale kuti adali wakuba.

Dr Banda adaimitsa nthawi yomweyo kulemba anthu a Wenela m'dziko muno. Amene adali kale kumigodi adabwerera pang'onopang'ono, agogo mu 1975, ndipo pofika mu 1976 kudangotsala owerengeka. Pa wailesi zidamveka ngati mkwiyo wa bambo wolira ana ake, ndipo mwina mkwiyowo udalipodi. Koma akatswiri a mbiri adaonanso china: zaka zomwezo ndi pamene maesiteti a fodya ankakula mofulumira m'chigawo chapakati, ambiri a akuluakulu a chipani ndi a kampani ya Press, ndipo ankasowa manja otsika mtengo. Amuna obwerera ku Joni adapeza ntchito ikuwadikira ku Kasungu ndi ku Mchinji, ya malipiro ochepa. Chowawitsa mtima n'chakuti m'zaka zomwezo mtengo wa golide udakwera, malipiro a m'migodi nawo adakwera kwambiri, athu atachokako kale. Kulemba anthu kudayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, koma chiwerengero sichidafikenso pakale, ndipo mu 1988 khomo lidatsekekanso pa mkangano wa kuyeza magazi ngati ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi.

Chaka chomwecho cha 1974, chakumapeto, Air Malawi idayamba kuulukira ku London ndi chindege cha VC10, cha mainjini anayi a jeti kumchira. Zithunzi zake mudzazipeza paliponse pamene akukamba za ulemerero wa kale. Ulendo wa ku London udatha mu 1979, ndipo chindegecho chidakhala zaka zambiri pa Chileka chikuchita dzimbiri mpaka adachiphwasula. Air Malawi yomwe idatha mu 2013. Agogo adapangapo VC10 imodzi ya mapesi, adaipachika pakona. Koma pa nkhokwe, poonekera mudzi wonse, adaikapo Skymaster.

Ine sukulu ndidaphunzira mpaka kutenga dipuloma, koma za Francistown sindidazimve m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Ndidazimva pa mphasa. Pa 4 Epulo 2024 zidakwana zaka 50. Ndidali ku Bembeke tsiku limenelo, ndidatchera khutu ku wailesi kuyambira m'mawa, sindidamve kanthu. Patapita miyezi iwiri, pa 10 Juni, ndege ya asilikali ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Thupi lawo lidadutsa pa Dedza pompano, pa msewu wa M1, kupita ku Nsipe. Tidalira tonse, ndipo kudali koyenera. Mayina awo onse asanu ndi anayi adawerengedwa, tikuwadziwa. Ndili chiimire m'mbali mwa msewu ndidadzifunsa kuti mwa anthu 78 aja ndingatchule angati. Palibe ndi mmodzi yemwe. Komatu ana awo alipo, adzukulu awo alipo, mwina ena mwa inu mukuwerenga tsamba lino muli ndi chithunzi cha munthu wovala chipewa cha kumgodi amene sadafike pakhomo. Ngati zili choncho, lemberani kalata akonzi a tsamba lino, mutchule dzina lake ndi mudzi wake. Ine ndayamba kope latsopano, ndipo masamba ake akadali oyera.

Nkhokwe ija idagwa ndi mvula ya chaka chatha. Skymaster adaitola ndi mwana wa achemwali anga, yatsala ndi mapulopela atatu, ndipo akuti akonza lachinayi akapeza chitini chabwino. Kope lomaliza la agogo lidalekezera pakati. Mzere wotsiriza, wolemba ndi dzanja lonjenjemera, ukuti: Lachiwiri, 10 koloko, yopita kum'mwera, mainjini awiri, sindidaione, nkhungu.