Mlandu wa ku Westminster Hall ndi chiyambi cha ndale zosunga zamakolo

Pa 13 Febuluwale 1788, nyumba yakale ya Westminster Hall mumzinda wa London idadzaza ndi nduna, anthu a maudindo ndi akazi awo, onse atabwera kudzaonerera mlandu. Woimbidwa mlanduwo adali Warren Hastings, amene adalamulira madera a East India Company ku India kuyambira mu 1772 kufikira mu 1785. Amene adatsogolera omuimba mlandu adali phungu wa Nyumba ya Malamulo, dzina lake Edmund Burke. Lero Burke amatchulidwa ngati kholo la ndale zimene Angerezi amazitcha conservatism, ndiko kunena ndale zosunga zimene makolo adasiya. Ambiri omutchula amayambira nkhani yake ku France. Ife tiyambira ku India, chifukwa kumeneko ndiko mfundo zake zidayesedwa pa anthu amene sadali a mtundu wake kapena a chipembedzo chake.

Burke adabadwira ku Dublin m'dziko la Ireland mu 1729. Mayi ake adali Mkatolika, bambo ake adali a mpingo wa boma. Masiku amenewo Mkatolika wa ku Ireland sankaloledwa kukhala phungu, kukhala loya, ngakhale kugula malo, ndipo amene ankaika malamulowo adali a chipembedzo china, otsamira mphamvu ya London. Choncho mwanayo adakula akudziwa mmene zimapwetekera kulamulidwa ndi anthu onyoza chikhulupiriro cha mayi wako. Atalowa m'Nyumba ya Malamulo adakhala ku chipani cha Whig, chimene chinkafuna kuchepetsa mphamvu za mfumu. Mu 1775 adachonderera boma kuti ligwirizane ndi nzika zake za ku America m'malo mozithira nkhondo, koma palibe adamumvera. Mu 1780 adataya mpando wake wa ku Bristol, ndipo china mwa zifukwa chidali chakuti adalankhulirapo Akatolika ndi malonda a ku Ireland.

Nanga ku India kudachitika zotani? Kampani ya amalonda, itapambana nkhondo ya ku Plassey mu 1757, idalandira kwa mfumu ya Mughal, Shah Alam II, ufulu wotolera misonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa mu 1765. Patapita zaka zisanu njala yaikulu idagwa ku Bengal n'kupha anthu mamiliyoni, koma msonkho sudaleke kutoleredwa. Anyamata a ku England ankapita kumeneko alibe kanthu, n'kubwerera atalemera asadamere ndi imvi zomwe. Burke ankati anthu otere alibe chowamanga ku dziko limene akulilamula: sadabadwiremo, sadzaikidwamo, ndipo ana awo sadzadya zipatso za zimene abzala kapena kuzula.

Mwa milandu imene Hastings adaimbidwa, umene udakhudza anthu kwambiri ndi wa amayi awiri a ku nyumba yachifumu ya ku Awadh, mayi ndi agogo a Nawab Asaf-ud-Daula, amene ankakhala ku Faizabad. Nawab adali ndi ngongole yaikulu ku kampani, ndipo kampaniyo inkafuna ndalama za nkhondo. Chuma chidali m'manja mwa amayiwo, ndipo kampani yomweyo idali itawatsimikizira kale kuti sichidzalandidwa. Mu 1781 ndi 1782 lonjezolo lidaswedwa. Asilikali adazinga nyumba yawo, atumiki awo akuluakulu awiri adamangidwa maunyolo ndi kuzunzidwa kufikira chumacho chidatuluka. Aliyense wodziwa ulemu umene mayi amalandira m'banja la Chisilamu aona kuya kwa chinthuchi: mlendo adakakamiza mwana kulanda mayi wake womubala.

Hastings adadziteteza ponena kuti ku Asia mafumu amalamula mwa kufuna kwawo, popanda lamulo lowaletsa, ndipo iye adangolowa m'malo mwawo n'kuchita monga iwo. Apa ndi pamene Burke adaimirira, m'mawu ake otsegulira mlandu amene adatenga masiku anayi. Adakana kuti chilungamo chimasintha munthu akaoloka nyanja, ngati kuti kuba ku London ndi tchimo koma kuba ku Bengal ndi mwambo. Kenaka adachita chinthu chimene ambiri mwa omumvera sadachiyembekezere: adatembenukira ku malamulo a Asilamu eni akewo. Adati boma la Chisilamu ndi boma la lamulo, chifukwa wolamula ndi wolamulidwa onse ali pansi pa Qur'an, ndipo pali ophunzira amene ntchito yawo ndi kumasulira lamulolo, amene mfumu siingawanyalanyaze. Adatchula ngakhale sultani wa ku Turkey, amene Azungu ankamuona ngati chitsanzo cha nkhanza, n'kunena kuti nayenso ndi womangidwa ndi lamulo. Kuti mafumu ena adaliswa lamulolo Burke sadakane. Chimene adakana n'chakuti kuswa kwawoko kusanduke chilolezo cha Mngerezi.

Imeneyi ndiyo mfundo yoyamba ya ndale zake: palibe munthu, mfumu kapena kampani kapena khamu la anthu, amene ali ndi ufulu wolamula mwa kufuna kwake kokha, chifukwa pamwamba pa onse pali lamulo limene sadalipange iwo. Yachiwiri imatsatira pomwepo: mtundu wa anthu umene uli ndi malamulo, makhoti, akuluakulu ndi miyambo yake kuyambira kalekale suli ngati munda wa tsala woti wobwera aliyense aulime mmene afunira.

Tisamuipitsiretu Hastings. Iye ankadziwa Chiperisiya, adakhazikitsa madrasa ya ku Calcutta, ndipo mu 1772 adalamula kuti milandu ya ukwati ndi ya chuma cha masiye ya Asilamu iziweruzidwa ndi malamulo a Chisilamu, ya Ahindu ndi malamulo a Chihindu. Ndiyenso adalimbikitsa kuti buku la fiqh la Hidaya limasuliridwe m'Chingerezi, ndipo lidatuluka mu 1791, mlandu wake uli m'kati. Burke sadaipondepo India. Zambiri adazimva kwa Philip Francis, mdani wa Hastings amene adaomberana naye mfuti ku Calcutta mu 1780, ndipo mkwiyo udamuchititsa kukokomeza zina. Komabe kudziwa chilankhulo cha anthu sikudamuletse Hastings kumanga atumiki a amayi aja.

Mlandu uli m'kati choncho, ku France kudabuka moto. Pa 14 Julaye 1789 anthu a ku Paris adagwetsa ndende ya Bastille. Mu Okutobala khamu lidakatenga mfumu ndi banja lake ku Versailles n'kuwabweretsa ku Paris, ndipo mu Novembala malo onse a mpingo adalandidwa kukhala a boma, n'kusindikiza ndalama za mapepala zotsamira pa malowo. Zigawo zakale za dziko zidafafanizidwa, m'malo mwake mudadulidwa zigawo 83 zatsopano. Anzake a Burke a m'chipani cha Whig adaomba m'manja, poganiza kuti ufulu wafika. Iye adatulutsa buku lake Reflections on the Revolution in France mu Novembala 1790, lotsutsa zonsezo. Ambiri adati nkhalamba yatembenuka. Iye adati sadasinthe: chimene ankachikana ku Bengal ndi chomwecho chimene ankachiona ku Paris, anthu ochepa odzidalira akuphwasula m'miyezi zimene zidamangidwa m'zaka mazana.

Maganizo a m'bukuli ndi amene adakhala msana wa ndale zosunga zamakolo. Burke ankati nzeru za munthu mmodzi ndi zochepa, ngakhale akhale wophunzira chotani, pamene mwambo umene wapirira mibadwo yambiri uli ndi nzeru za anthu osawerengeka amene adauyesa, kuukonza ndi kuusiya ukugwira ntchito. Munthu angalephere kufotokoza chifukwa chake mwambo wina ulipo, koma kulephera kwakeko si umboni wakuti ulibe ntchito. Kwathu kuno timati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo Burke akadaumva mwambiwu akadauvomera. Ankatinso dziko si la amoyo okha. Akufa adatisiyira, osabadwa akuliyembekezera, ndipo ife tili pakati tangolisungira ena. Wosunga chuma cha ana amasiye sachigulitsa chifukwa chakuti lero wamva za malonda atsopano.

Ankakhulupiriranso kuti chikondi cha dziko chimayambira pafupi: pa banja, pa mudzi, pa malo opempherera, pa anzako a ntchito, ndipo chimakula kuchokera pamenepo. Boma likathyola timagulu timeneti kuti pakati pa ilo ndi munthu pasakhale china chilichonse, munthuyo amatsala yekha pamaso pa mphamvu yopanda malire. N'chifukwa chake adateteza chuma cha munthu ndi cholowa cha banja, pakuti wokhala ndi pake angathe kukana boma. N'chifukwa chakenso adateteza chipembedzo m'moyo wa dziko, chifukwa wolamula wokhulupirira kuti adzayankha pamaso pa Mulungu amakhala ndi chomuopsa ngakhale apolisi onse ali ake.

Mfundo imene otsatira ake amaiwala kawirikawiri ndi yakuti Burke sadakane kusintha. Adalemba kuti dziko lopanda njira yodzikonzera silingadzisunge. Chimene ankafuna ndi kukonza mosamala, pamalo pamene paonongeka, osati kugumula zonse chifukwa cha pepala lojambulidwa bwino. Msodzi ukonde ukang'ambika amasoka pamene pang'ambikapo, sautentha n'kuyembekeza kuti mawa akhala ndi wabwino koposa. Adachenjeza kuti Afalansa akachotsa zonse zimene anthu ankazilemekeza, chotsala chidzakhala mphamvu ya zida, ndipo pamapeto kazembe wina wokondedwa ndi asilikali adzatenga dziko. Mfumu Louis XVI adadulidwa mutu pa 21 Januwale 1793, nthawi ya kuphana idatsatira, sabata idasinthidwa kukhala ya masiku khumi, ndipo mu 1799 Napoleon Bonaparte adalanda boma. Ubwenzi wa Burke ndi Charles James Fox, wa zaka zoposa makumi awiri, udathera pa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu Meyi 1791, Fox akugwetsa misozi.

Koma omutsutsa nawonso sadali opanda mfundo. Mary Wollstonecraft adamuyankha chaka chomwecho cha 1790, ndipo Thomas Paine adatulutsa Rights of Man mu 1791. Paine adafunsa kuti akufa ali ndi ufulu wanji wolamula amoyo, ndipo adamudzudzula kuti akulirira mfumukazi ya ku France koma sadalirirepo anthu wamba amene ankavutika. Chidzudzulo chimenechi chili ndi mano. Burke adakana kuti anthu wamba ambiri apatsidwe voti, ndipo mu 1795, chaka cha njala ku England, adalemba kuti si ntchito ya boma kudyetsa osauka. Pa ukapolo adaudana nawo, koma adakonza malamulo oufewetsa ndi kuuthetsa pang'onopang'ono. Kudekha kotero kumakoma kwa amene sali m'goli. Ife a m'mbali mwa nyanja sitifunika kuuzidwa zimenezi: ku Nkhotakota ndi m'madoko ena malonda a anthu adakhalapo zaka zambiri, adali ndi akuluakulu ake, njira zake ndi phindu lake, ndipo kukhalitsa kwakeko sikudawayeretse. Funso limene ndale zosunga zamakolo zimavutika nalo kufikira lero ndi lomweli: ndani amasankha chimene ndi cholowa ndi chimene ndi chilonda chakale? Burke mwini adali nalo yankho, lamulo lija la pamwamba pa onse, koma adaligwiritsa ntchito mwamphamvu ku India ndi ku Ireland kuposa pa osauka a pakhomo pake.

Dzina la ndalezi Burke sadalimve, lidabwera iye atamwalira. Ku France nyuzipepala ya Chateaubriand yotchedwa Le Conservateur idayamba mu 1818, ndipo ku Britain chipani cha Tory chidayamba kutchedwa Conservative m'zaka za m'ma 1830. Mtsogoleri wake Robert Peel adalonjeza ku Tamworth mu 1834 kuti adzakonza zolakwika zotsimikizika n'kusunga zotsalazo. Kuyambira pamenepo dzinali lavala zovala zambiri. Pofika nthawi ya Margaret Thatcher mu 1979 lidatanthauza makamaka misika yomasuka ndi kugulitsa makampani a boma, ndipo midzi yambiri ya m'migodi ya malasha idafota m'zaka zake, zimene wokonda timagulu tating'ono tija akadayenera kuzidandaula. Nachonso chipani chimenechi ndicho chidanyadira kwambiri ufumu wa Britain m'maiko a eni ake.

Mlandu wa Hastings udatha mu Epulo 1795, patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Anthu adali atatopa nawo, maso onse ali ku nkhondo ya ku France, ndipo nduna 29 zokha ndizo zidaponya voti. Hastings adapezeka wosalakwa pa milandu yonse. Chaka chotsatira Burke adalemba kuti mwa ntchito zonse za moyo wake, imene ankaiwerengera koposa ndi ya India, ngakhale ndiyo imene idalephera. Adamwalira mu Julaye 1797 n'kuikidwa ku Beaconsfield. Hastings adalandira penshoni kuchokera ku kampani, ndipo mu 1813, atabwera kudzapereka umboni pa za India, aphungu adaimirira n'kuvula zipewa pomulemekeza. Kampaniyo idapitiriza kulamula kufikira mu 1858, ndipo Awadh, dziko la amayi aja, idalilanda lonse mu 1856.