Ulendo wanga wa ku Beira

Ena mwa inu munandifunsa kuti ndinaona chiyani ku Beira, ndiye ndati ndilembe.

Ndinapita ndi mphwanga pagalimoto yake. Tinanyamuka kuno ku Chifunde tambala woyamba, n'kukaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ku Tete. Kuchoka apo mpaka ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Changara, Guro, Catandica, Chimoio, Inchope ndi Dondo. Msana unachita kuuma.

Pa Catandica ndinapempha kuti tiime pang'ono. Atsamunda ankapatcha Vila Gouveia, ndipo ndi dziko la Abarue. M'chaka cha 1917 Apwitikizi ankagwira anthu kuti akalambule msewu wochokera ku Tete kudutsa m'dera limeneli. Malipiro kunalibe, chinalipo ndi chikwapu, ndipo ena ankatengedwanso kukanyamula katundu wa asilikali pankhondo yolimbana ndi Ajeremani. Anthu atatopa anaukira pansi pa mafumu a banja la Makombe, moto n'kufalikira mpaka ku Zumbo. Chondiwawa ine n'chakuti pozimitsa motowo Apwitikizi analemba ankhondo a Chingoni, akuda anzathu. Mphwanga ankangoti "Achimwene, tiyeni kukuda," koma ine maso anali pa phula lija, poganiza kuti njira za kuno zinayamba ndi makasu a anthu a chibalo.

Beira weniweni si mzinda wakale ngati Tete ayi. Unayamba mu 1887 ngati kampu ya asilikali m'matope a m'mbali mwa mtsinje wa Chiveve, pafupi ndi pomwe Pungwe amathira m'nyanja. Dzina lake linachokera kwa mwana wa mfumu ya ku Portugal, Luís Filipe, yemwe ankatchedwa Kalonga wa Beira, ndipo malowa anakhala mzinda mu 1907. Mpaka 1942 olamulira kumeneko sanali boma koma kampani, Companhia de Moçambique, yomwe inkatolera msonkho ndipo inali ndi apolisi ake ndi ndalama zake. Tangoganizani, kampani kukhala mfumu! Chimene chinkafunika ndi doko ndi njanji: ya ku Rhodesia, kenaka ya ku Nyasaland, ndipo mu 1949 ina inafika ku Moatize kukatenga malasha.

Tinaona Grande Hotel, chinyumba chomwe anachimanga m'zaka za m'ma 1950 kuti azigonamo azungu olemera, koma chinatsekedwa mu 1963 chifukwa alendo sankakwana. Pambuyo pake munalowa mabanja osowa pokhala, ambiri othawa nkhondo. Zovala zinali zoyanikidwa m'makonde, ana akusewera pamasitepe. Panalinso nyumba zina zosonyezabe zipsera za namondwe Idai wa mu Marichi 2019.

Madzulo tinaima ku Macuti pafupi ndi nsanja ya nyali younikira sitima. Agogo anga aamuna ananyamulapo matumba padoko la Beira ali mnyamata, ndipo ankatiuza kuti madzi a kumeneko ndi a mchere, ife n'kumaseka kuti akunama. Ndinatunga pang'ono m'manja n'kulawa. Ena ndinathira m'botolo, ndidzabwera nawo pamsonkhano wa kalabu.