Ndege zinkatera pamadzi ku Chembe

Ndikamauza makasitomala anga pamsika wa Monkey Bay kuti ndege za ku Mangalande zinkatera kwathu kuno, amaseka, ati mayi mwayamba nthano. Komatu zinachitikadi.

Mu 1949 kampani ya BOAC inayamba kuimitsa ndege zake za Solent ku Cape Maclear, pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Zinali ndege zotera pamadzi, kunsi kwake ngati boti. Bwalo lake linali nyanja yomweyi timaphamo usipa.

Mtundawu ndi makilomita pafupifupi 9,000. Lero ndege yochoka ku London imafika ku Joni m'maola 11 okha. Nthawi imeneyo ulendo unkatha masiku anayi ndi kuposerapo, chifukwa ankaima kuthira mafuta ndi kugona m'njira, monga ku Egypt ndi ku Uganda. Okwera anali azungu andalama zawo. Agogo athu ndiye kungoonerera ali m'bwato, basi.

Sizinakhalitse. Mu 1950 BOAC inasiya ndege zapamadzi, zapamtunda zitalanda malo. Lero wa ku Chembe wofuna ndege ayambe wakwera matola kudzafika kuno, kenako minibasi, tsiku n'kuthera panjira asanaone Chileka.