Khasu Linalowa Bwanji M'sukulu Zathu? Nkhani ya ku Chama

Mpunga wa ku Chama timaudziwa ndi fungo. Ukakhala pamoto, ngakhale a nyumba yoyandikana amadziwa kuti lero kuli alendo. Koma ambiri a ife amene tinakulira ku Lusaka kapena ku Chipata sitinapondeko kumene umacokera. Chama ili kumpoto kwa Lundazi, m'cigwa ca Luangwa, kumalire ndi Malawi, kwawo kwa Asenga. Mu 2011 boma la Michael Sata linaipereka ku cigawo catsopano ca Muchinga, ndipo mu 2021 inabwerera ku cigawo ca Kum'mawa. M'zaka zonsezi anthu ake akhala akudalira mpunga, thonje ndi cimanga. Nanga n'cifukwa ciani mwana wa sukulu, wa ku Chama ngakhale wa m'tauni, akamva mawu akuti khasu amayamba waganiza za cilango? Yankho lake lili m'mbiri ya zaka zoposa 100.

Sukulu zoyamba kwa Asenga zinabwera ndi aphunzitsi a mishoni ya Livingstonia ocokera ku Nyasaland. Kusukulu yawo yaikulu ya Overtoun, imene Robert Laws anatsegula ku Khondowe mu 1894, buku linali kuyendera limodzi ndi nchito za manja monga ukalipentala, kumanga ndi ulimi. Mu 1924 bungwe la Phelps-Stokes la ku America linayendera maiko a kuno, ndipo linalangiza kuti mwana wa mu Africa aziphunzira zogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Boma la atsamunda linagwirizana nazo. Linatsegula sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene pambuyo pake inasamukira ku Chalimbana, yophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi.

Ganizolo silinali loipa lonse, koma makolo athu anaona pamene panali msampha. Ana a azungu anali ndi sukulu zawo zowakonzekeretsa maudindo, pamene mwana wakuda anali kuuzidwa kuti tsogolo lake lili kumunda. Sekondale ya boma ya anthu akuda inacedwa mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pamene Munali inayamba. Pofika pa ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha a digiri. Conco kholo limene lagulitsa mbewu kuti lilipirire mwana sukulu silinali kufuna kumva kuti mwanayo watha tsiku ali padimba. Sukulu inali njira yothawira khasu.

Khasu linabwereranso mwamphamvu mu 1975. Mtengo wa mkuwa unali utagwa, ndalama za boma zinacepa, ndipo Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi production unit, imene ana a sukulu mpaka lero amangoiti PU. Ku Tanzania, Julius Nyerere anali atayamba kale zofanana ndi zimenezi mu 1967, pansi pa mfundo ya maphunziro a kudzidalira. M'zaka zomwezo omaliza Fomu 5 anali kupita ku Zambia National Service kwa miyezi 20, kukaphunzira usilikali ndi ulimi. Ca m'ma 1980 kunabweranso pulogalamu ya Lima, imene inatisiyira muyeso wa lima imodzi, gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, umene alimi amawerengera nawo mpaka pano.

PU inathandiza sukulu zina, makamaka zogonera komweko, kudyetsa ana ndiwo zamasamba, nkhuku ndi nkhumba. Koma m'sukulu zambiri inafooka, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Aphunzitsi ambiri amene anapatsidwa munda sanaphunzirepo ulimi. Zida ndi madzi zinali zosowa. Chuti ca December cimafika pamene mbewu zifuna kupalira, ndiye ana pobwera mu January anali kupeza udzu wawina kale. Cacikulu koposa, munda unasanduka bwalo la milandu. Wocedwa anali kupatsidwa cikwakwa, waphokoso mizere khumi, wothawa sukulu citsa cakuti azule. Mwana amene walima mwa njira imeneyi amacoka ndi matuza m'manja, osadziwa cifukwa cake mbewu ina imafuna mpata waukulu kuposa inzake.

Mu 2013 Unduna wa Maphunziro unayesanso. Unagawa sekondale m'njira ziwiri, ya maphunziro a m'buku ndi ya nchito za manja, ndipo ulimi unakhala umodzi mwa maphunziro a njira yaciwiriyi, ndi mwayi wolemba mayeso a TEVETA kuti mwana acoke ndi pepala la luso. Ndondomeko yatsopano imene inayamba kugwira nchito mu 2025, yobwezeretsa dzina la Fomu, yasunganso ulimi pakati pa njira zosankha.

Pepala la ku unduna silingalime lokha, ndipo ku Chama m'pamene zimenezi zimaonekera bwino. Ulimi wa m'cigwa ndi wosiyana ndi wa kumtunda ku Chipata. Kumatentha kwambiri, mitsinje imasefukira m'dzinja n'kudula misewu, kashembe wapangitsa kuweta ng'ombe kukhala kovuta m'madera ambiri, ndipo njobvu zikhoza kutha munda usiku umodzi. Mphunzitsi wongowerenga manotsi a cimanga ndi feteleza sangathandize mwana wa kwa Kambombo kapena kwa Tembwe. Pafunika wodziwa kufesa mpunga panazale ndi kuwokera m'mizere, kusankha mbewu, kuumitsa mpunga bwino kuti usasweke pacigayo, kupanga manyowa, kuteteza munda ndi tsabola, ndiponso kuwerengera zimene walowetsa ndi zimene wapeza. Msika ulipo. Bungwe la COMACO limagula mpunga kwa alimi a m'cigwa n'kuugulitsa m'masitolo a m'tauni ndi dzina la It's Wild! Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatikumbutsa kuti nkhani ya ulimi imafika mpaka pa mtengo wa thumba la unga ku Kanyama.

Ife acinyamata a m'tauni tikakamba za uphunzitsi timaganiza za masamu, Cingelezi kapena makompyuta. Koma njira ya uphunzitsi wa ulimi ilipo, ndipo si yatsopano. Natural Resources Development College ku Lusaka imapereka dipuloma ya Agricultural Education, ndipo makoleji a ulimi a ku Monze ndi ku Mpika akhala akuphunzitsa alangizi kwa zaka zambiri. Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ambiri anatumizidwa kumidzi. Wina wa ife akadzalandira kalata yolembedwa Chama, asathamangire kupempha kusamutsidwa asanaone dimba la sukulu.

Akulu amati m'mera m'poyamba. Mwana wa Fomu 1 amene wapatsidwa bedi lake la mbewu, nalemba m'kabuku tsiku lofesa, nayeza zokolola pasikelo, nawerengera phindu, waphunzira sayansi, masamu ndi malonda pamalo amodzi. Atsamunda anafuna khasu kuti litisunge kumudzi, a Kaunda kuti lidyetse sukulu, aphunzitsi ena kuti lilange. Nchito imene yatsalira m'badwo wathu ndi kuligwiritsa nchito pophunzitsa, ndipo wocedwa m'mawa apezeredwe cilango cina.