Nsomba Yachilendo: Mbiri ya Kupatula ndi Kudyetsa Nsomba Zobwera Kumene

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, makamaka inu a ku Tembwe ndi midzi ina ya m'chigwa cha Luangwa m'boma la Chama, phunziro lathu la lero ndi la mbiri ya anthu oweta nsomba m'nyumba. Inu nsomba mumaidziwa ngati ndiwo. Mumaiwedza ndi mbedza, mumaikola m'mono, ndipo madzi a dzinja akaphwa mumaigwira m'zithaphwi. Koma m'maiko ambiri muli anthu amene amasunga nsomba zamoyo m'thanki yagalasi, yotchedwa akwariyamu, kuti aziona kukongola kwake ndi kuphunzira makhalidwe ake. Anthu amenewa, nsomba zambiri zitawafera, anapeza malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti nsomba yobwera kumene iyambe yakhala payokha isanasakanizidwe ndi zinzake. Lachiwiri ndi lakuti idye chakudya chofanana ndi cha kumene inachokera. Tiyeni tione m'mene malamulo amenewa anapezekera, ndi chifukwa chake akutikhudza ngakhale ife okhala kutali ndi nyanja.

Madzi a mu Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yaikulu ya mchere ya Indian Ocean, m'dziko la Mozambique. Kuweta nsomba m'galasi kunakula chifukwa anthu ankafuna kuona zamoyo za m'nyanja za mchere zotere popanda kumira pansi pa madzi. M'chaka cha 1832 mayi wina wa ku France, Jeanne Villepreux-Power, amene ankakhala ku Messina pa chilumba cha Sicily, anapanga mathanki kuti aziyang'anitsitsa zamoyo za m'nyanja. M'chaka cha 1850 Robert Warington wa ku London anaonetsa kuti nsomba zikhoza kukhala nthawi yaitali m'madzi osasintha ngati muli zomera zotulutsa mpweya wabwino ndi nkhono zodya zonyansa. M'chaka cha 1853 nyumba yoyamba yoonetsera nsomba kwa anthu onse inatsegulidwa pa malo osungira nyama a London Zoo, ndipo chaka chotsatira Philip Henry Gosse analemba buku limene linafalitsa dzina lakuti akwariyamu.

Nsomba zokongola koposa za m'madzi a mchere zimakhala m'nyanja zofunda, pa matanthwe otchedwa korali. Matanthwe amenewa si miyala wamba ayi. Amamangidwa ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi, timene timatulutsa zinthu zolimba zonga laimu, ndipo pakapita zaka zambirimbiri thanthwe limakula. Kale kunali kovuta kufikitsa nsomba za kumeneko ku Ulaya zili zamoyo, popeza sitima za pamadzi zinkatenga milungu yambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, ndege zinachuluka, ndipo pambuyo pake kunabwera matumba apulasitiki. Nsomba inayamba kuyenda ulendo wa kutali tsiku limodzi kapena awiri basi. Pamenepo oweta anaona vuto latsopano. Nsomba zinkafika zamoyo ndithu, koma zambiri zinkakana kudya, zinkaonda, ndipo pakutha pa milungu yowerengeka zinkafa.

Zifukwa zake zinadziwika pang'onopang'ono. Mitundu ina ya nsomba zotchedwa butterflyfish m'Chingerezi imadya tinyama ta korali tokha, ndipo imalola kufa ndi njala chakudya china chili pakamwa. Kansomba kotchedwa mandarin kamatola tizilombo tamoyo tosaoneka bwino ndi maso tsiku lonse, ndipo chakudya chouma kawirikawiri sikachiyang'ana n'komwe. Ku Philippines, kuyambira m'zaka za m'ma 1960, asodzi ena ankathira mankhwala a ululu otchedwa sayanaidi m'mapanga a korali kuti nsomba ziledzere ndi kugwidwa mosavuta. Nsomba yotere imaoneka yabwino kunja, pamene m'kati yavulala, monga muja akuluakulu anenera kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinanso chinali matenda. Pali kachilombo kamene kamaboola khungu ndi makha a nsomba za m'madzi a mchere, n'kuchititsa timadontho toyera tonga mchere wowaza. Kakakhuta kamagwa pansi, kamadzitsekera m'kachikwa, ndipo m'menemo kamaswana n'kutulutsa tiana mazanamazana tokafuna nsomba zina. M'nyanja yaikulu tiana tambiri timafa tisanapeze nsomba, koma m'thanki yaing'ono nsomba ilibe kothawira. Choncho nsomba imodzi yodwala imatha kupha zonse zimene munthu waweta kwa zaka. Mankhwala a mkuwa amapha kachilomboka, komatu amaphanso korali, nkhono ndi nkhanu. N'chifukwa chake sangathiridwe m'thanki yaikulu.

Nzeru imene oweta nsomba anatsata inali yakale kwambiri. M'chaka cha 1377 akuluakulu a mzinda wa Ragusa, umene lero umatchedwa Dubrovnik, analamula kuti apaulendo ochokera ku maiko a mliri akhale kwaokha masiku 30 asanalowe mumzinda. Pambuyo pake mizinda ina, monga Venice, inaika masiku 40, ndipo mawu a Chitaliyana otanthauza makumi anayi ndiwo anabala dzina lakuti kwarantini. Enanu mukukumbukira kuti m'chaka cha 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu ochokera kunja ankabindikiritsidwa motero.

Woweta wanzeru amachita chimodzimodzi ndi nsomba. Amakonza thanki yaing'ono yapadera, yopanda mchenga, yokhala ndi zidutswa za mipope zoti nsomba ibisalemo, ndipo amachepetsa kuwala kuti isachite mantha. Amaisunga mmenemo milungu inayi kufikira isanu ndi umodzi, akuiyang'ana tsiku ndi tsiku. Kaukonde ndi ndowa za thanki imeneyi sazigwiritsa ntchito kwina. Kukhala payokha kumathandizanso pa kadyedwe, pakuti palibe nsomba zakale zoilanda chakudya kapena kuipirikitsa. Woweta amayamba ndi chakudya chamoyo chimene chikuyenda m'madzi, kapena ndere za m'nyanja ngati ili nsomba yodya zomera. Ikayamba kudya, amasakaniza pang'onopang'ono chakudya chatsopano ndi chozolowereka. Amapatsa pang'ono koma kawirikawiri, ndipo zotsala amazichotsa zisanaole. Ntchito imeneyi imafuna kuleza mtima, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mukuganiza kuti zonsezi ndi za kutsidya kwa nyanja. Koma kum'mawa kwa boma la Chama, kuseri kwa mapiri, kuli dziko la Malawi, ndipo nyanja ya kumeneko, ngakhale madzi ake alibe mchere, ili ndi matanthwe okhala nsomba zowala ngati za pa korali. David Livingstone anafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, ndipo mnzake John Kirk anatumiza nsomba zake ku London, kumene Albert Günther anazilongosola m'chaka cha 1864. Lero tikudziwa kuti m'nyanjayi muli mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Pakati pa izo pali tinsomba ta m'miyala timene Atonga a ku Nkhata Bay amati mbuna, ta mabala a buluu, achikasu ndi akuda. M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anaphunzira kadyedwe ka mbuna ku Nkhata Bay, ndipo anaona kuti zambiri zimapala ndere zomera pa miyala, mtundu uliwonse ndi mano ake ndi kapalidwe kake.

Oweta a ku Ulaya ndi ku America ataziona, anazifuna kwambiri. Mmodzi wa anthu odziwika pa malonda amenewa anali Stuart Grant, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ankatumiza nsomba kunja kuchokera ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Ntchito yaikulu ankaigwira ndi Amalawi odziwa kumira pansi pa madzi. Iwo ankadziwa kuti nsomba yogwidwa pakuya siyenera kuvuulidwa msanga, chifukwa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake kamafufuma n'kuipha. Choncho ankaiika m'mgolo woboola, n'kumaukweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Pa mtunda nsomba zinkasungidwa m'mathanki, kuyang'aniridwa ndi kupatsidwa mankhwala. Ulendo ukayandikira ankazimana chakudya kuti zisaipitse madzi panjira, kenaka ankaziika m'matumba apulasitiki okhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wambiri wa okosijeni, n'kuzikweza ndege.

Zitafika kunja, mbuna zinaphunzitsa oweta phunziro lomwe lija. Nsomba yodya ndere ili ndi matumbo aatali, oyenera chakudya chosachedwa kuchuluka koma chochedwa kugayika. Oweta ena ankazidyetsa nyama ya ng'ombe ndi nyongolotsi, poyesa kuti akuzichitira zabwino. Nsombazo zinkasiya kudya, mimba zinkatupa, ndipo zinkafa. Nthenda imeneyi mpaka lero oweta amaitchula ndi dzina la dziko la Malawi, ndipo amadziwa kuti chakudya cholakwika, madzi oipa ndi mantha ndizo zimaitsegulira khomo.

Panachitikanso cholakwa china. M'zaka za m'ma 1960 mbuna zina zogwidwa kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear, kumene si kwawo. Zinaswana, ndipo akatswiri anapeza kuti zina zinasakanizana ndi mbuna za pomwepo. Chimene chinatenga zaka zikwi zambiri kuti chisiyane chinasokonezeka m'zaka zochepa, ndipo palibe amene angazitolenso. M'chaka cha 1980 boma la Malawi linakhazikitsa Lake Malawi National Park kuti liteteze nsombazi, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa m'ndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Tsopano tibwerere kwathu. Pali nthenda ina ya nsomba za m'mitsinje ndi m'maiwe imene imadya mnofu n'kusiya zilonda zofiira. Imayamba ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo inaoneka koyamba ku Japan m'chaka cha 1971. M'zaka za 2006 ndi 2007 inapezeka m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, ndipo m'chaka cha 2020 inapezeka m'boma la Mchinji ku Malawi, loyandikana ndi Chipata. Nthenda yotere imayenda ndi nsomba zodwala zimene anthu akusamutsa, ndiponso ndi maukonde onyowa. Ikalowa mumtsinje palibe mankhwala amene angaichotsemo, monga momwe mankhwala a mkuwa sangathiridwe pa thanthwe la korali. Kumene nsomba ndiyo ndiwo ya tsiku ndi tsiku, kufa kwake ndi njala pakhomo.

Choncho, ngati makolo anu kapena sukulu yanu yakumba dziwe la nsomba, lamulo la oweta m'galasi ndi lanunso. Tiana ta nsomba tizichokera ku malo amene alangizi a za nsomba akuwadziwa. Tikafika, tiyambe takhala m'kadziwe kapadera, kamene madzi ake sathira m'dziwe lalikulu kapena mumtsinje. Muziona ngati tikudya, pakuti nsomba yokana chakudya kawirikawiri ndiyo yayamba kudwala. Ukonde wochokera ku madzi ena uziyamba wayanikidwa padzuwa mpaka kuumiratu. Nsomba ya zilonda musaiponyenso m'madzi, koma ikwirireni kutali ndi mtsinje, ndipo uzani aphunzitsi, amfumu kapena mlangizi. Makolo athu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mbiri imene taimvayi yatsimikiza mawu awo.

Aphunzitsi, phunziroli likatha mungathe kutenga nsomba ziwiri zosiyana za kwanuko, monga mlamba ndi nsomba ina ya mamba, kuti ana ayerekeze kamwa, mano ndi utali wa matumbo, ndi kunena chimene iliyonse imadya. Pa mapu aonetseni njira ya madzi kuchokera mu Luangwa kukafika ku Indian Ocean, ndiponso pamene pali Nkhata Bay, Salima ndi Mchinji. Pomaliza afunseni mafunso awa. Kodi dzina lakuti kwarantini linachokera kuti? Chifukwa chiyani nthenda imafala msanga m'thanki kapena m'dziwe kusiyana ndi m'nyanja yaikulu? Nanga munthu akabweretsa tiana ta nsomba kuchokera kutali, achite chiyani asanatiike m'dziwe la sukulu?