Anyamata a Bentley ndi Gwero la Cuma Cao

Pamene galimoto ya mtengo wapatali ipyola pa mseu ndi liwiro, ndipo pa ciongolero pali mnyamata amene sanakhwime nkhope, anthu okhala pa khonde la sitolo amayang'anana, nafunsana kuti, Kodi mwana uyu ndalama anazitenga kuti? Funso limeneli si la lero ai. Linafunsidwa kale ku England m'zaka za pakati pa 1925 ndi 1931, pamene kunabuka gulu la anyamata acuma amene manyuzipepala anawacha Bentley Boys, ndiko kunena kuti anyamata a Bentley. Onsewo anafa kalekale, ndipo mbiri yao inalembedwa poyera. Cifukwa cace ife tikhoza kulondola mapazi a ndalama zao kufikira kumene zinacokera, ndipo mudzaona, abale, kuti mapazi ena afika pafupi ndi kwathu.

Tiyambe ndi galimotoyo. Mmisiri wace anali Walter Owen Bentley, amene anaphunzira za makina pa nchito ya sitima za pamtunda, napanganso makina a ndege pa nkhondo ya 1914. M'caka ca 1919 anayamba kampani yace ku London, namanga nyumba ya nchito ku Cricklewood. Galimoto yace yoyamba, yochedwa 3 Litre, inagulidwa mapaundi 1,050. Ndipo mtengo umenewo unali wa injini ndi zitsulo za pansi ndi mikombero yokha, pakuti thupi ndi mipando mwini wace anayenera kukapangitsa kwa mmisiri wina ndi ndalama zina. Kuti mudziwe kukula kwa ndalamazo, kumbukirani kuti masiku omwewo makolo athu m'Nyasaland analikupereka msonkho wa masheleni 6 pa caka. Mtengo wa galimoto imodzi yopanda mipando ukadalipirira msonkho anthu 3,500. Munthu wakuda wokumba golidi ku Johannesburg analandira ngati masheleni 2 pa tsiku. Akadati asunge zonse, osagula ngakhale sopo, akadagwira nchito zaka zoposa 30 asanafikitse mtengowo. Ngakhale ku England komweko anthu wamba sanailote konse. Amene anafuna galimoto ya banja anagula Austin 7, yosafika mapaundi 200.

Bentley anafuna kuti magalimoto ace achuke mwa mipikisano. Ku Le Mans, m'dziko la France, kunayamba m'caka ca 1923 mpikisano wa maora 24, wothamanga usana ndi usiku, anthu awiri kulandizana ciongolero. Ndipo wopambana ndiye amene wayenda mtunda wautali koposa pakutha maorawo. Galimoto ya Bentley inapambana kumeneko mu 1924. Koma kuchuka sikulipira anchito. Magalimoto ogulidwa anali owerengeka, mipikisano inadya ndalama zambiri, ndipo pofika 1925 kampaniyo inali pafupi kutsekedwa. Pomwepo anatulukira wogula wina, dzina lace Woolf Barnato, amene anzace anamucha Babe.

Kuti timvetse za munthu ameneyu tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 50, ndi kuoloka nyanja kunka ku South Africa. Atate wace, Barney Barnato, anabadwira m'dera la aumphawi la kum'mawa kwa London, ndipo paubwana wace anapeza cakudya ndi malonda a m'mseu ndi kuseketsa anthu m'nyumba za masewero. M'caka ca 1873 anatsata mkuru wace ku Kimberley, kumene kunali kutapezeka miyala ya diamondi. Poyamba analibe dzenje lacelace; anayendayenda pakati pa okumba, kugula miyala motsika ndi kuigulitsa mokwera. Mu 1876 anagula maenje ace oyamba, naonjezera ena caka ndi caka, kufikira anakhala mwini wamkuru wa kampani ya Kimberley Central. Wopikisana naye anali Cecil Rhodes. Awiriwa analimbana nthawi yaitali, ndipo potsiriza anagwirizana, nakhazikitsa De Beers Consolidated Mines mu 1888. Caka cotsatira eni a Kimberley Central analipidwa ndi pepala limodzi la ku banki lolembedwapo mapaundi 5,338,650.

Tsono amene anakumba miyalayo ndani? Mgodi wa Kimberley ndi dzenje lalikuru limene anthu analikumba ndi mapiki ndi mafosholo kufikira kuya mamita oposa 200, ndipo ocuruka a okumbawo anali anthu akuda ocokera m'maiko ozungulira, Abasuto, Apedi, Atsonga ndi ena. Kuyambira 1885 eni migodi anayamba kuwatsekera m'makomponi ocingidwa, osaturuka kufikira nthawi ya nchito yao itatha. Ndipo poturuka anawabvula ndi kuwafufuza thupi lonse, kuopa kuti wina angameze mwala. Golidi atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, Barnato anapita komweko, nayamba kampani ya Johannesburg Consolidated Investment mu 1889. Cuma cace cinakula koposa, koma mtima wace unasokonezeka ndi nkhawa. Ndipo mu June 1897, ali pa ulendo wa ku England, anagwa m'nyanja kucokera m'combo pafupi ndi cisumbu ca Madeira, namira. Ena anati anadziponya yekha, ena anakana. Woolf anali khanda losakwana zaka 2.

Makampaniwo anatsala m'manja mwa ana a mlongo wace wa Barney, a banja la Joel, ndipo gawo la mwanayo linali m'katimo, kukula pamodzi ndi migodi. Apa ndipo pamene nkhani iyi ikhudza ife. Migodi ya ku Joni, monga timachula Johannesburg, inafuna anthu ambiri, ndipo kuyambira 1903 Wenela inaloledwa kulemba amuna m'Nyasaland. Ambiri anafa ndi cibayo cifukwa ca kuzizira ndi pfumbi la pansi pa nthaka, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko otentha a kumpoto, ndipo ciletsoco cinakhala zaka ngati 20. Komabe ena anapita okha ndi miyendo, ndi ena mwa iwo ndiwo machona amene midzi yathu inawalira osaona manda ao. Sitinena kuti paundi iri yonse ya Woolf Barnato inacokera m'thukuta la munthu wa kwathu. Cuma ca atate wace cinasonkhanitsidwa anthu athu asanayambe kupita kumeneko ambiri. Koma migodi imene inalemeretsa banja limenelo ndi ya dziko lomwelo ndi malipiro omwewo amene agogo athu anawadziwa bwino.

Woolf anaphunzira ku Charterhouse ndi ku Cambridge, namenya nkhondo m'gulu la mizinga. Atakula anatengera asuweni ace aja ku bwalo la milandu pofuna gawo lace lonse, ndipo atalimbana zaka zingapo anapatsidwa ndalama zocuruka. Mu 1925 anagula Bentley yace yoyamba, naikonda. Ndipo pakumva kuti kampani irikugwa, anaikamo mapaundi oposa 100,000, nakhala mkuru wace mu 1926. Taonani cinthu codabwitsa: wogula anagula sitolo yomwe, kuti katundu womkondweretsa asaleke kupangidwa. Kuyambira pamenepo mmisiri Bentley analinkugwira nchito pansi pa mnyamata amene dzulo anali wogula cabe.

Pano tiyenera kumcitira cilungamo. Barnato sanali wolemera wongodzionetsera. Anadziwa kuyendetsa, ndipo anamvera malamulo a mmisiri, osaononga makina. Analowa mpikisano wa Le Mans katatu, mu 1928, 1929 ndi 1930, napambana katatu konse. Mu 1929 magalimoto a Bentley anatenga malo anai oyamba. Mu 1930 iye ndi mnzace anayenda mamailosi oposa 1,800 m'maora 24, monga ngati munthu ayenda ulendo wa Blantyre kufikira Lilongwe kasanu ndi kanai osapuma. M'March wa caka comweco, ali ku Cannes kum'mwera kwa France, ananena pamaso pa anzace kuti iye akhoza kufika ku London sitima yochuka ya Blue Train isanafike ndi ku Calais komwe. Ananyamuka madzulo, nayenda usiku wonse, naoloka nyanja pa combo, nafika ku London mphindi 4 sitimayo isanaime ku Calais. Kunyumba kwace ku Ardenrun, m'dera la Surrey, kunali maphwando osatha, ndipo ku London iye ndi anzace anakhala m'nyumba zoyandikana pa Grosvenor Square, magalimoto ao atandanda pakhomo.

Anzacewo cuma cao cinali ca mtundu womwewo, colowa ca makolo. Bernard Rubin, amene anapambana naye mu 1928, anali wa ku Australia, mwana wa wogulitsa ngale. Ndipo ngalezo anazibvuula pansi pa nyanja ku Broome anthu a ku Japan, a ku Malaya ndi eni dziko, amene ambiri anafera m'madzi. Glen Kidston, mnzace wa 1930, anali wa banja lolemera la ku Glasgow locita malonda a zitsulo. M'gulumo munalinso odya za manja ao, monga Dudley Benjafield, dokotala, ndi Sammy Davis, wolemba m'nyuzipepala, amene anapambana pamodzi mu 1927. Koma iwo anathamanga m'gulu la kampani, imene ndalama za Barnato zinailipira.

Amene mbiri yace iphunzitsa bwino za mtengo wa masewero awa ndiye Henry Birkin, wochedwa Tim. Banja lace linalemera ku Nottingham ndi makina oluka nsaru zamaluwa zimene akazi amakometsera nazo zobvala, nchito imene ambiri oigwira anali akazi ndi atsikana a malipiro ocepa. Mphwace Archie anafa mu 1927 pokonzekera mpikisano wa njinga zamoto ku Isle of Man, ndipo abale ace anamletsa Tim, koma sanamve. Iye anafuna kuti Bentley ithamange koposa mwa kuikako cipangizo cokankhira mpweya m'injini. Mmisiri Bentley anakana, pakuti anaona kuti cidzafupikitsa moyo wa makina. Koma Barnato analola, ndipo Birkin anatsegula nyumba yace ya nchito ku Welwyn Garden City. Ndalama zace zinatha msanga. Pamenepo anapeza womthandiza, Dorothy Paget, namwali wa zaka 24, amene cuma cace cinacokera kwa amai ace a banja la Whitney ku America. Cotero galimoto imodzi inadya cuma ca mabanja awiri. Magalimoto amenewo anathamanga ndithu, koma anafa kawirikawiri pa njira monga ananenera mmisiri, ndipo sanapambane ku Le Mans ngakhale kamodzi. Pakutha kwa 1930 Dorothy Paget anatopa, nabweza dzanja lace pa gululo, natembenukira ku akavalo a mpikisano. Birkin anathamangabe, nthawi zambiri pa magalimoto a anthu ena.

Cakudza sicimba ng'oma. Mu October 1929 msika wa cuma unagwa ku New York, ndipo bvutolo linafalikira maiko onse. Olemera analeka kugula magalimoto a mtengo, pamene Bentley anali atangoturutsa yaikuru koposa, ya 8 Litre. Mu July 1931 ngongole za kampani zinafika tsiku lace, ndipo Barnato, amene anali ataithandiza zaka 5, anakana kulipiranso. Kampani inaperekedwa m'manja mwa osonkhetsa ngongole, ndipo mu November Rolls-Royce inaigula ndi mapaundi ngati 125,000, itadzibisa kumbuyo kwa dzina lina kuti opikisana nayo asadziwe. Mmisiri Bentley anataya kampani ndi dzina lomwe. Anakhala wanchito wa Rolls-Royce kufikira 1935, ndipo atacoka sanaloledwe kuika dzina lace pa galimoto imene anapanga. Dzinalo liripobe lero pa magalimoto opangidwa ku Crewe, ndipo mwini wace kuyambira 1998 ndi kampani ya Volkswagen ya ku Germany.

Gululo linabalalika msanga. Kidston, atauluka ndi ndege kucokera ku England kufikira Cape Town m'masiku 6 ndi theka mu April 1931, anafa pa 5 May pamene ndege ina yobwereka inasweka m'mwamba pa mapiri a Drakensberg. Anali wa zaka 32. Birkin anapsa mkono pa citsulo cotentha ca utsi pa mpikisano wa ku Tripoli mu May 1933, nadwala, nafa ku London mu June wa zaka 36, cuma cace citatha. Rubin anafa ndi cifuwa cacikuru mu 1936. Barnato yekha ndiye anaturukamo ali wolemerabe, pakuti anadziwa tsiku lotseka thumba lace. Analeka mipikisano atapambana kacitatu, ndipo patapita zaka zowerengeka anakhalanso mmodzi wa akuru a kampani yatsopano ya Bentley pansi pa Rolls-Royce. Nyumba ya Ardenrun inapsa ndi moto mu 1933. Iye anafa mu July 1948 atacitidwa opareshoni, wa zaka 52. Ndipo pa tsiku la maliro galimoto ija imene anapambana nayo ku Le Mans mu 1929 ndi 1930 inatsogolera ulendo wa kumanda, itasenza maluwa.