Utsi wa ku Mchinji umathera m'nyanja mwathu

Anzanga akunyanja, tamverani iyi. Okutobala wapitayu ndinapita ku Mchinji kukakonza injini ya pampu yothirira dimba. Kutentha kwake eee, thukuta kamukamu, mapiri osaoneka ndi utsi wa moto wa osaka mbewa. Madzulo mabingu anagunda, chizimalupsa n'kuwaza.

Dzina la mvulayi ndi mbiri payokha. Makolo athu ankatentha tchire kuyambira kale, mvula yoyamba n'kudzazimitsa lupsa. Koma anthu anali ochepa, tchire linkaphukanso. Mu 1924 atsamunda anakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, nthawiyo bomali likutchedwa Fort Manning, dzina lomwe linasinthidwa mu 1966. Lero makala, zigafa za fodya ndi moto zikuidya nkhalangoyo.

Mwina mukuti zikutikhudza bwanji ife. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji komweko n'kudzathira m'nyanja ku Nkhotakota. Mpasa zimakwera mtsinjewu kukaikira mazira pa timiyala. Kokalupsa akakokolola phulusa ndi dothi la m'mapiri ometedwa, matope amakwirira timiyalato.

Bambo anga amati kale mpasa sinali nkhani yosowa pakhomo. Ine chaka chino ndayidya kamodzi.

Tumiziraniko anzanu akumtunda.